Madzi ofiira pampopi: nthawi zina wolakwa ali kuseri kwa bafa lathu lomwe

Mwezi wathawu m'gulu lathu la WhatsApp la anthu a kuno kwa Nchilamwela munabuka nkhani ya madzi. Mtsikana wina anaponya chithunzi cha ndowa yoyera yodzaza madzi ofiira ngati tiyi wopanda mkaka, n'kulemba kuti, "Awa ndiye madzi tikulipira mwezi ndi mweziwa?" Mphindi khumi zisanathe anthu anali atawagwera kale a Water Board. Nanenso ndinali pomwepo, sindibisa. Ndinaponya mawu anga okhadzula, anthu n'kuseka, ine n'kumadziona ngati ndayankhula zanzeru.

Patangopita masabata awiri ndinachita manyazi ndekha. Bilu ya madzi kwathu inabwera itakwera pafupifupi kawiri, chonsecho pakhomo sipanabwere alendo, sitinaumbe njerwa, palibenso amene anatsegula car wash. Amayi anayamba ndi kutikayikira anafe kuti tikumasamba ngati tili ku hotela. Kenako mng'ono wanga anaona chinthu chomwe tonse tinkachidutsa tsiku ndi tsiku: kuseri kwa bafa kunali kapinga wobiriwira bwino, pamene bwalo lonse linali litauma gwa ndi dzuwa la chilimwe.

Tinaitana pulambala wina wachikulire wa kufupi ndi msika. Atakumba pang'ono khasu linayamba kutulutsa matope. Anadula chidutswa cha paipi ndi sowo, n'kuchiyang'anitsa kudzuwa, kenako anandikodola.

"Mwana wanga, tasuzumira umu. Ukuonamo chiyani?"

"Palibe chikuoneka, bambo."

"Ndiye madzi amene mukumwa akudutsa mmenemo."

Mkati monse munali mutamera dzimbiri ngati chiswe chamanga chulu. Kabowo kotsalako ngakhale pensulo sikanalowa. Kunja kwake kunali timabowo tating'ono titatu tomwe tinkathirira kapinga uja usana ndi usiku, ife n'kumalipira. Nyumbayi anamanga ndi agogo aamuna atapuma ntchito ku esiteti, ine ndisanabadwe, ndipo chiikireni paipiyo palibe anaikhudzapo.

Ndalemba izi chifukwa ndikudziwa kuti si ife tokha.

Paipi ya ndani, udindo wa ndani

Tiyambe ndi chinthu chomwe ambirife sitichidziwa. Madzi a m'mipopi kuno ku Thyolo Boma amaperekedwa ndi Southern Region Water Board, yomwe likulu lake lili ku Zomba. Ili ndi limodzi mwa mabungwe asanu a madzi omwe akugwira ntchito pansi pa lamulo la Waterworks Act la 1995. Enawo ndi a Blantyre, Lilongwe, chigawo chapakati ndi chigawo chakumpoto. Ntchito yawo ndi kutunga madzi, kuwayeretsa, n'kuwafikitsa pa mita yanu. Mita ija ndiye malire. Kuchoka pa mita kupita kumpopi wa panja, ku bafa, kukhitchini, zonsezo ndi za mwini nyumba. Dontho lililonse lomwe ladutsa pa mita lawerengedwa, kaya lalowa m'poto wa nsima kaya lathera pansi pa nthaka.

Sindikunena kuti bungwe la madzi silingalakwitse. Paipi yaikulu ya mumsewu nayo imakalamba, imaphulika, ndipo akaikonza madzi oyamba kubwera amatha kukhala amatope. Pamenepo kudandaula n'koyenera, ndipo tizidandaula mokweza. Koma tisanathamangire pa Facebook, pali njira yophweka yodziwira kuti vuto lili mbali iti.

Funsani aneba. Ngati mzere wonse madzi ndi ofiira tsiku limodzi lomwelo, makamaka atangobwerera pambuyo posiya, nkhaniyo ndi ya paipi yaikulu. Koma ngati kwanu kokha madzi amayamba ofiira m'mawa uliwonse n'kuyera pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, limenelo ndi dzimbiri la m'paipi mwanu lomwe lasungunuka madzi atagona usiku wonse. Onaninso mipopi yanu: ngati wapafupi ndi mita ukutulutsa madzi oyera ndi amphamvu, pamene wa ku bafa ukungochucha ngati ukulira maliro, yankho mwalipeza.

Za kudontha, tsekani mipopi yonse, onetsetsani kuti thanki ya chimbudzi yadzaza, kenako jambulani mita ndi foni. Pakatha ola limodzi kapena awiri, popanda aliyense kutunga, jambulaninso. Manambala akasuntha, kapena kagudumu kakang'ono kaja kakamazungulirabe, dziwani kuti penapake pali mlendo amene akumwa madzi anu mwaulere.

Chifukwa chiyani mapaipi a kuno akutha

Nyumba zambiri zakale za pa Boma, za m'maesiteti ndi za anthu omwe anamanga zaka makumi angapo zapitazo zili ndi mapaipi achitsulo aja mapulambala amati GI. Ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki kuti chisachite dzimbiri msanga. Zinkiyo imatha pang'onopang'ono. Akatswiri amati paipi yotere imakhala zaka 40 mpaka 50 zinthu zikakhala bwino, ndipo ikakwiriridwa pansi ponyowa imatha isanafike pamenepo. Ndiye werengani nokha: paipi yomwe inaikidwa 1980 yadutsa kale zaka 40.

Kuno kwathu palinso china. Tiyi amakonda nthaka ya asidi ndi mvula yambiri, n'chifukwa chake Satemwa, Conforzi, Makandi, Naming'omba ndi Nchima zili kuno osati ku Nsanje. Satemwa yokha inayamba 1923. Koma nthaka yofiira yonyowa yomwe imakondweretsa tiyiyo ndi mdani wa chitsulo. Paipi imadyeka mbali ziwiri, madzi mkati, dothi kunja.

Dzimbiri likamamera mkati, njira ya madzi imachepa kuposa mmene timaganizira. Bowo la paipi likachepa ndi theka, malo odutsa madzi amatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake mumamva munthu akuti "masiku ano madzi alibe pulesha" pamene neba wake yemwe wamanga chaka chatha shawa yake ikuchita kuwawa pamsana. Paipi yaikulu ndi imodzi yomweyo.

Zomwe tikutaya

Choyamba ndi ndalama. Mpopi wodontha dontho limodzi pa sekondi umataya malita pafupifupi 30 patsiku, chigubu chimodzi ndi theka. Pamwezi ndi malita 900. Pa bilu madzi amawerengedwa m'makiyubiki mita, ndipo kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti zigubu 50 za malita 20. Tsono umenewo ndi mpopi womwe mukuuona ndi maso. Bowo la pansi pa nthaka silidontha madontho, limachita kuthamanga, ndipo limalimbika kwambiri usiku pamene anthu agona ndipo mphamvu ya madzi yakwera. Amene ali ndi mita yolipiriratu amangoona mayunitsi akutha ngati bandulo ya intaneti, osadziwa kuti akuthera kuti.

Chachiwiri ndi nyumba yeniyeniyo. Khoma lonyowa m'munsi, penti wotukusira, fungo la chinyontho kuchipinda, simenti yong'ambika pansi, zambiri mwa izi timanamizira mvula ya ku Thyolo pamene ndi paipi yokwiriridwa m'khoma. Nyumba zathu zambiri ndi za njerwa zomangira dothi. Madzi akamalowa m'fawundeshoni chaka ndi chaka, tsiku lomwe kudzagwe mvula ngati ya Freddy ija ya mu Malichi 2023, khomalo lidzakhala litafooka kale.

Chachitatu, chomwe chikundiopsa kwambiri, ndi matenda. Timaganiza kuti paipi yobooka imangotulutsa madzi. Imalowetsanso. Madzi akasiya, monga amachitira magetsi akazima kapena pokonza, m'paipi mumatsala mopanda kanthu ndipo nthawi zina imakoka ngati munthu akuyamwa ndi kapaipi ka juwisi. Chilichonse chomwe chili pafupi ndi bowolo chimalowa: madzi a ku bafa, a m'ngalande, a pafupi ndi dzenje la chimbudzi. Madzi akabwerera, zonsezo zimabwera kumpopi kwanu. Bungwe likhoza kuthira klorini bwinobwino kumalo oyeretsera, koma madziwo n'kudzaipira mamita khumi omaliza, pabwalo panu pomwe.

Sitinaiwale kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inayamba mu Malichi 2022 n'kufalikira m'maboma onse. Inagwira anthu oposa 58,000 ndipo oposa 1,700 anamwalira, mliri wa kolera woopsa kwambiri m'mbiri ya Malawi. Uthenga womwe tinkamva unali wa kusamba m'manja, kuthira WaterGuard ndi kupewa madzi a mumtsinje, ndipo unali uthenga wolondola. Koma ife a mipopi tinkadziona ngati otetezeka. Nditaona paipi yathu ija, yomwe inkadutsa masitepe ochepa chabe kuchoka pa chimbudzi chakale, ndinazindikira kuti tinangopulumuka mwamwayi.

Dzimbiri palokha si poizoni wakupha. Limaipitsa kukoma kwa madzi, limadetsa zovala zoyera ndi sinki. Koma pali mtovu. Zinki ya m'mapaipi akale ndi mipopi ina ya mkuwa imakhala ndi mtovu pang'ono, ndipo bungwe la WHO limanena kuti palibe mulingo wa mtovu womwe tinganene kuti ndi wabwinobwino m'thupi, makamaka kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikuchotsa mtovu. Ku America, mumzinda wa Flint, mu 2014 anasintha kotunga madzi, madzi atsopanowo n'kuyamba kudya mapaipi akale, ana ambiri anapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Mu Okutobala 2024 boma la dzikolo linalamula kuti mapaipi a mtovu achotsedwe m'zaka khumi. Athuwa ambiri ndi achitsulo osati a mtovu weniweni, choncho tisachite mantha opitirira. Phunziro lake ndi lakuti paipi yakale si nkhani ya pulesha yokha. Pamene mukudikira kusintha, m'mawa muziyamba mwatsegula mpopi mpaka madzi ayere, oyambawo mukolopere kapena kuthirira maluwa, ndipo phala la mwana muziphikira otsatirawo.

Nanga bwanji sitikusintha?

Yankho loyamba aliyense akulidziwa: dola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngakhale mapaipi apulasitiki opangidwa konkuno amadalira zipangizo zochokera kunja, ndipo timagongono, mavalavu ndi mipopi yambiri imachita kuitanitsidwa. Mtengo womwe akuuzani ku hadiweya Lolemba, pofika Lachisanu mwini shopu akuti "zasintha, bwana." Munthu wothyola tiyi kapena wa kabaza, ukamuuza kuti asinthe mapaipi, akufunsa kuti ufa ugula ndiwe?

Koma pali chifukwa china chomwe sitichikamba. Nthawi zambiri amene akuvutika ndi paipiyo si mwini wake. Mnzanga wina amachita lendi chipinda pa mpanda wa nyumba zisanu, mita imodzi. Bilu ikabwera amagawana. Ikakwera amayambana: uyu amachapa kwambiri, uyo mkazi wake amagulitsa mafiliziseni, winayo amabweretsa abale. Mpaka anthu osalankhulana. Atawauza alandilodi kuti mwina paipi ikudontha, anayankhidwa kuti, "Madzi mumamwa ndinu, ine ndimakhala ku Limbe." Alandilodi salipira bilu, ndiye saona chifukwa chokonzera. Alendi salipira kukonza chifukwa nyumba si yawo, mwina mwezi wamawa asamuka. Paipi n'kumangodontha pakati pawo, ngati mbuzi ya anthu awiri yomwe imagona panja.

M'nyumba za kampani ndi za boma nkhani yake ndi yofanana. Wokhalamo saloledwa kugumula khoma kapena kukumba mwa iye yekha, amayenera kukanena ku ofesi n'kudikira. Ambiri sanena n'komwe, poopa kuoneka ovuta pamalo pomwe akupezera mchere.

Ndiye vuto lenileni ndi ili: mapulojekiti akuluakulu a madzi omwe timamva pa wailesi amathera pa mita. Mbali yotsalayo, yomwe ili pafupi kwambiri ndi kapu ya mwana, ilibe pulojekiti, ilibe dona, ilibe woiyendera.

Mmene ife tinachitira

Sitinasinthe zonse tsiku limodzi, ndalama yake panalibe. Amayi anatenga ngongole yaing'ono ku banki mkhonde, ine n'kuwonjezera zomwe ndinapeza pa maganyu a zolembalemba. Pulambala uja anatilangiza kuyamba ndi paipi ya pansi, kuchoka pa mita kufika pakhoma, chifukwa ndi yomwe imataya madzi ambiri komanso kulowetsa zoipa. Zomwe ndinaphunzira ndi izi.

Pansi pa nthaka tinaika paipi yakuda ija ya HDPE. Imabwera yokulungidwa, nthawi zambiri mamita 100, choncho imayenda ulendo wonse popanda majoini ambiri, pamene yachitsulo imabwera m'zidutswa za mamita 6 ndipo pa joini iliyonse ndi pomwe mavuto amayambira. Mamita 100 anatichulukira, ndiye tinagula mogawana ndi aneba awiri omwe nawonso mita yawo inkazungulira usiku. Ngalande tinakumba tokha Loweruka, pulambala tinangomulipira luso lake.

M'nyumba anthu ambiri pano akuika yobiriwira ija ya PPR, yomwe amalumikiza poiwotcha ndi makina, ndipo imapirira madzi otentha a giza. PVC nayo ilipo, koma samalani. Pali PVC ya madzi a mphamvu, pali ya madzi otayika a ku sinki, palinso ija yodutsitsa mawaya a magetsi. Zimafanana kwa munthu wosadziwa, ndipo wogulitsa wina sangakuuzeni. Paipi yabwino imakhala ndi zolemba m'mbali mwake: dzina la wopanga, kukula kwake, ndi mphamvu yomwe ingapirire, monga PN10 kapena PN16. Yopanda cholemba chilichonse isiyeni, ngakhale itchipe bwanji. PVC ikakhala padzuwa nthawi yaitali imauma n'kumathetheka, choncho ikwirireni kapena ipakeni penti.

Simukuyenera kugumula makoma. Paipi yakale ya m'khoma mutha kungoidula n'kuitseka, yatsopano n'kuiyendetsa kunja kwa khoma ndi timakilipi. Sizikongola kwenikweni, koma tsiku lomwe idzadonthe mudzaiona.

Ngalande ikhale yakuya ndithu, pafupifupi theka la mita, kuti khasu la wolima masamba lisaipeze, ndipo muchotsemo miyala yakuthwa. Ipatutseni kutali ndi chimbudzi ndi dzenje la madzi a ku bafa, ngakhale zitanthauze kuwonjezera mamita angapo. Ikani valavu yanuyanu yotsekera madzi kutsogolo kwa mita, mbali ya kunyumba. Musakwirire musanayese: tsegulani madzi, tsekani mipopi yonse, yang'anani mita ndi majoini onse, kenako bwezerani dothi. Mukatha tsegulani mipopi kwa mphindi zingapo kuti zinyalala za ntchito zituluke.

Mita yeniyeniyo ndi paipi ya kumbuyo kwake musakhudze. Ndi katundu wa bungwe, ndipo kuisuntha kapena kuilambalala ndi mlandu. Pulambala akakuuzani kuti "ndikupangirani kanjira kuti bilu izichepa," muthamangitseni, chifukwa tsiku logwidwa iye sadzakhalapo.

Chomaliza chomwe sindinkachidziwa n'komwe: m'nyumba zina zakale waya wa efi wa magetsi anaumangirira ku paipi yachitsulo ya madzi. Mukachotsa chitsulocho n'kuika pulasitiki, nyumba imatsala yopanda efi, ndipo tsiku lina munthu adzagwidwa ndi shoko pa kuka kapena pa shawa. Musanadule, fufuzani ngati pali waya womangidwa pa paipi. Ngati ulipo, itanani wa magetsi wodziwa ntchito adzakhome chitsulo cha efi pansi.

Bilu yotsatira inabwerera mwakale, mwinanso kutsikirapo. Ndikawerengera, ndalama yomwe tikanataya ku kapinga uja miyezi ingapo ikanakwana kugula paipiyo. Tinali tikulipira kale mtengo wa paipi yatsopano mwezi ndi mwezi, kungoti paipiyo sitinkaiona.

Zomwe ndikupempha

Kwa anzanga a lendi: yesani mita limodzi ndi anzanu a pampanda, jambulani, tumizirani alandilodi zithunzi ziwirizo. Ngati akuti alibe ndalama, gwirizanani kuti mukonze n'kudula pa lendi, koma zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pompo, ndipo malisiti musunge. Mgwirizano wapakamwa umathera kwa amfumu.

Kwa alandilodi: madzi omwe akudonthawo akudya fawundeshoni ya nyumba yanu. Alendi adzasamuka, mng'alu udzatsala ndi inu.

Kwa a Southern Region Water Board: owerenga mita amafika pakhomo lililonse. Bilu ya munthu ikalumpha mwadzidzidzi, mawu amodzi oti "kayezeni kudontha" angapulumutse banja ku ngongole, ndipo madzi opulumukawo afika kwa anzathu a kumtunda omwe mipopi yawo imangotulutsa mphepo.

Kwa a khonsolo ya Thyolo ndi alangizi a zaumoyo: mukamayendera zimbudzi dzinja lisanayambe, muzifunsanso kuti paipi ya madzi yadutsa pati. Ndipo a PAWU akamakhala pansi ndi a Tea Association of Malawi kukambirana za malipiro, nkhani ya mipopi ndi mapaipi a m'nyumba za ogwira ntchito izikhalanso pa tebulo, chifukwa wodwala m'mimba sathyola tiyi.

Kwa ife achinyamata omwe tikungoti ntchito kulibe: mapulambala odziwa bwino ntchito kuno ndi owerengeka ndipo ambiri akukalamba. Maphunziro a TEVETA alipo. Nyumba zonse zomwe zinamangidwa nthawi ya agogo athu zikufika pofuna mapaipi atsopano nthawi imodzi, ndipo wina adzadya ndalama imeneyo.

Mtsikana wa chithunzi uja ndinamulembera kumbali. Anayesa mipopi yake monga ndafotokozera, ndipo anapeza kuti wa panja pafupi ndi mita ukutulutsa madzi oyera, wa m'nyumba ndiye wofiira. Panopa akulimbana ndi alandilodi ake. Mvula yoyamba isanagwe, inunso usiku uno jambulani mita yanu musanagone, mawa m'mawa mujambulenso munthu asanatsegule mpopi. Zomwe mupeze tiuzeni, ndipo mutchule dera lomwe mukukhala kuti tione ngati vutoli ndi la nyumba imodziimodzi kapena la mzere wonse.